Mutu 6: Foda Yofiira

1. Chipinda cha kuseri

Chipinda chosungiramo mafayilo chinali kuseri kwa chipatala, pakati pa chipinda cha mankhwala ndi bafa la ogwira ntchito. Zenera linalipo limodzi lokha, nalonso losatseguka, chifukwa wopaka utoto wina waulesi analipaka lili chitsekere. Munali tebulo lalitali, mipando iwiri, ndi fani yomwe inkadziwa phokoso lokha, mphepo ayi. Patebulopo panali makompyuta awiri. Ina inali yakale, yofiirira ngati dzino la munthu wosuta. Inayo inali yatsopano, pulasitiki isanachotsedwe n'komwe m'ngodya.

M'chipinda chimenechi ndimo munkagwira ntchito mtsikana yemwe aliyense pachipatalapo ankamutchula kuti Kamphepo. Anali ndi zaka 19. Sukulu yake ya zamakompyuta inamutumiza kuno kwa miyezi itatu kuti aphunzire ntchito ndi manja, osati m'buku mokha. Dzinalo anamupatsa ndi mlonda wa pageti, yemwe ankati mtsikanayu akamadutsa umangomva kamphepo, ukamatembenuka n'kuti ali kale pakhonde. Kulemba, kudya, kuyankha funso, zonse ankachita ngati basi ikumusiya.

Koma sabata imeneyo ngakhale kamphepoko kanali katazilala. Miyezi itatu yodzuka kusanache, kukwera maminibasi awiri, kubwerera kunyumba msana uli gwa, si masewera. Chomulimbitsa chinali chimodzi. Lachisanu la sabata yotsatira ankayenera kulandira kalata yotsimikiza kuti wagwira ntchito bwino. Popanda kalatayo kusukulu sakanamupatsa satifiketi, ndipo kutopa konseko kukanangopita m'madzi.

Wosayina kalatayo anali Mayi a Mafayilo. Mayiwa anali atagwira ntchito m'chipindacho zaka makumi atatu, kuyambira nthawi ya makadi a mapepala. Mawondo anali atawakana kale, maso nawo anali m'njira yomweyo. Sankakalipa. Mawu awo a tsiku ndi tsiku anali atatu okha: "Muno sitithamanga, mwanawe."

Tsono mumvetsere mmene ankasungira mbiri za odwala, poti nkhani yonse yagona pamenepa. Wodwala aliyense anali ndi fayilo imodzi m'kompyuta. Dzina la fayiloyo linali nambala yolembedwa pachikuto cha kabuku kake ka kuchipatala. Mafayilo ankakhala m'mafoda, chaka chilichonse foda yake. M'kati mwa fayilo munali dzina la munthu ndi zonse zomwe a Nesi analembapo chiyambire, moti mafayilo ena anali atatalika mpaka masamba makumi anayi.

Panalinso zinthu zitatu zomwe zinkakhala kunja kwa fayilo. Kompyuta imalola kuti fayilo ikhale ndi timawu tomatidwa kunja kwake, ngati kapepala komata pa envelopu. Ukatsegula fayilo sutiona, koma kompyuta imatiwerenga mwachangu osatsegula kalikonse. Mayi a Mafayilo ankatitcha zomata. Chomata choyamba chinali dera lomwe munthu amakhala, chachiwiri nambala ya foni, poti ziwirizi zimasinthasintha. Chachitatu chinali chizindikiro chofiira, cha anthu omwe thupi lawo limadana ndi penisilini ndi mankhwala onse a banja lake.

M'mawa uliwonse kompyuta ikayatsidwa, kapulogalamu kena kankazungulira mafayilo onse, kuwerenga zomata, n'kusonkhanitsa anthu m'mafoda ena olozera. A dera ili uku, a dera ilo uko, a chizindikiro chofiira m'foda yawoyawo. A Nesi akalemba nambala ya wodwala pakompyuta ya m'chipinda chawo, munthuyo ali wa m'foda yofiira, mzere wofiira unkadutsa pagalasi la kompyutayo. Mzere ukapanda kuoneka, a Nesi ankapereka mankhwala mtima uli m'malo, poti analibe nthawi yowerenga masamba makumi anayi odwala ali mulu panja. M'foda yofiira munali anthu 63.

2. Chenjezo la Lachisanu

Lachisanu limenelo ndilo linali tsiku losamutsa mafayilo kuchoka m'kompyuta yakale kupita m'yatsopano. Wokonza makompyuta, yemwe onse ankangomuti a Mawaya, anali atalumikiza makompyuta awiriwo ndi chingwe n'kusiya pepala la malangizo. Anati abwera Loweruka m'mawa kudzatenga yakaleyo, akaifufute yonse kuti zinsinsi za odwala zisatuluke, kenako akaipereke kusukulu ina ya ana. Mwatsoka, tsiku lomwelo Mayi a Mafayilo ankayenera kukaonana ndi dokotala wa maso, ndipo tsikulo anali atalidikira miyezi isanu. Sakanalisintha.

Asananyamuke anakoka mpando n'kukhala moyang'anana ndi Kamphepo, chikwama chili pamiyendo.

"Mwanawe, ndimvere, ndipo usandiyankhe msanga monga umachitira. Pepala la a Mawayali ulitsate mmene lilili. Chingwechi n'chochedwa, ndikudziwa, chimadya maola anayi, koma chimanyamula fayilo pamodzi ndi zomata zake. Usatenge fulashi. Ndabwereza, usatenge fulashi. Fulashi ili m'dirowamo imanyamula fayilo yokha, zomata imazisiya pakhomo, ndipo siimakuuza n'komwe. Siilira, siilemba chenjezo, imangoti zatheka. Ukawerenga mafayilo upeza onse alipo. Ukatsegula upeza mawu onse alimo. Koma akhala ngati mabotolo a mankhwala omwe mapepala ake amatuka ndi mvula."

Kamphepo anati wamva. Mayi anati sanathe.

"Ndikuuze chifukwa chake foda yofiira ilipo. Nditangoyamba ntchito muno, chizindikiro chofiira chinali kapepala kenikeni, tinkamata ndi guluu pangodya ya khadi. Chaka china denga linadontha, guluu anafewa, timapepala tina tinagwa. Ine ndinatipeza pansi m'mawa, ndinasesa, ndinati ndikonza ndikapeza mpata. Mpatawo sunapezeke. Patatha milungu iwiri kunabwera bambo wina womanga nyumba, wamphamvu zake, anangobwera ndi chilonda cha pachala. Khadi lake linali loyera. Anamubaya jakisoni. Asanafike n'komwe pageti milomo inatupa, mpweya unayamba kuvuta. Ndinamuona ndi maso angawa ali pabenchi lija la pakhonde, akukoka kolala ya shati ngati wina wamugwira pakhosi. Anapulumuka, inde, koma anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Mpaka lero benchi limenelo sindikhalapo. Tsoka silinunkha, mwanawe. Limabwera tsiku wamba ngati lero, iwe utatopa, ukungofuna kupita kwanu."

Anaimirira pang'onopang'ono atagwira tebulo, mawondo akulira. Ali pakhomo anatembenukanso.

"Ukamaliza uzimitse yatsopanoyo, uiyatsenso, udikire kapulogalamu kazungulire, kenako utsegule foda yofiira. Ukapeza 63, usayine papepala la a Mawaya. Ukapeza 62, usasayine, ndipo yakaleyo isatuluke muno. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kamphepo anati wamva zonse, amayi ayende bwino. Kunena zoona, nkhani ya womanga nyumbayo anali ataimva kale kawiri, ndiye maso ake anali pawotchi ya pakhoma.

3. Magetsi

Kamphepo anayamba kusamutsa mafayilo 11 koloko, ndipo poyamba anatsata pepala lija mzere ndi mzere. Manambala pagalasi ankakwera pang'onopang'ono ngati mzere wa odwala pa Lolemba. Itangokwana 1 koloko, magetsi anathima. Jenereta ya chipatala inkadziwa firiji ya katemera ndi chipinda cha azimayi oyembekezera basi, chipinda cha mafayilo siinkachiwerengera. Magetsi atabwera, kapulogalamu ka a Mawaya kanafufuta zomwe zinali zitasamuka n'kuyambiranso pachiyambi, poti kanapangidwa kuti kasasiye ntchito yoperewera.

Kamphepo anapumira m'mwamba n'kuyambiranso. Sanapite kokadya, kuopa kuti chingachitike china iye kulibe. Anakhala pampando womwewo, thukuta likutsika m'khosi, fani ikungosokosera. Ntchito itadutsa theka, cha m'ma 3 koloko, magetsi anathimanso.

Magetsiwo anabwera 4 koloko itadutsa. Maola anayi ena akanamufikitsa nthawi yoti minibasi yomaliza ya kwawo yapita kalekale. Abale inu, tisamunamizire mtsikanayu kuti anali woipa mtima. Anali wotopa basi, mutu ukumuwawa, m'mimba muli njala, ndipo munthu wotopa nzeru zake zimafupika.

Anatsegula dirowa. Fulashi nayo siinachite kubisala, inali pamwamba penipeni, yomangidwa kachingwe kabuluu. Anaiika m'kompyuta yakale, anakokeramo mafoda onse, anaizula, anaiika m'yatsopano. Ntchito yomwe inamuvutitsa tsiku lonse inatha m'mphindi 25.

Osati sanayang'ane, ayi, anayang'ana. Uku mafayilo 9,412, uko 9,412. Anatsegula atatu, mawu onse alimo, ngakhale kadontho sikanasowe. Anayamba kuganiza kuti mwina akuluakulu amangokonda kuopseza ana. Chinatsala n'kuzimitsa, kuyatsanso, n'kudikira mphindi zina makumi awiri kuti foda yofiira idzaze. Nthawi yomweyo mlonda anagogoda kufunsa ngati atseke chitseko cha pakhonde kapena Kamphepo lero agona ndi makompyuta ake.

Kamphepo anaseka, anatenga cholembera, n'kusayina papepala la a Mawaya kuti zonse zasamuka ndipo waona yekha. Anazula chingwe chija, anachikulunga bwinobwino, n'kuchisiya pamwamba pa kompyuta yakale kuti a Mawaya asavutike kuchifuna.

4. Lolemba m'mawa

Lolemba anafika 7 koloko isanakwane. Pomwe panali kompyuta yakale panangotsala malo oyera a makona anayi pakati pa fumbi. Anayatsa yatsopano, anapachika juzi kumsomali, anapukuta tebulo. Kapulogalamu katamaliza kuzungulira anatsegula foda yofiira, monga ankachitira m'mawa uliwonse.

Munalibe kanthu. Osati 62, osati khumi. Mbee.

Anatsegula mafoda a madera, namonso munali chimodzimodzi. Anazimitsa, anayatsanso, anadikira ataima, manja ali m'chiuno. Palibe chinasintha. Anatenga fulashi ija, poganiza kuti mwina zomata zatsalira m'menemo, koma munali mafayilo okhaokha, monga mmene Mayi ananenera. Mawu a akulu akoma akagonera, koma awa anagonera masiku atatu okha.

Anatuluka ndi foni yake kukaima kuseri kwa thanki ya madzi, komwe kunalibe womumva, n'kuimbira a Mawaya. Anawafunsa mozungulira ngati kompyuta yakale ija ikadali mmene inalili. A Mawaya anayankha mosangalala, ana akusokosera kumbuyo kwawo.

"Usadandaule, mlongo wanga. Ndinaifufuta Loweruka lomwelo, katatu konse. Ngakhale mfiti singapezemo kanthu. Ndinaona wasayina, ndiye ndinati mtsikana uja ndi katswiri."

Kamphepo anathokoza. Anaima pamenepo kanthawi, madzi a m'thanki akudonthera pansapato zake, osasuntha.

Mayi a Mafayilo anafika 8 koloko atavala magalasi akuda. Dokotala anali atawathira mankhwala m'maso n'kuwaletsa kuyang'ana kompyuta sabata yathunthu. Anapapasa mpando, anakhala, ndipo asanapereke n'komwe moni anafunsa.

"Zofiira zilipo zingati?"

"Zilipo zonse, amayi."

Bodzalo linatuluka msanga, monga zonse za Kamphepo. Mayi anagwedeza mutu, anati wachita bwino, n'kuyamba kumusimbira za mzere wa kwa dokotala wa maso. Kamphepo anadziuza kuti akonza nthawi ya nkhomaliro. Akonza bwanji, ndi chiyani, kaya, iyenso sankadziwa. Chomwe ankadziwa n'choti Lachisanu latsala masiku anayi, ndipo kalata ija ili m'dzanja la mayi omwe wangowanamizawa.

5. Azakhali ndi mwana

Lolemba chipatala chimadzaza ngati anthu anapangana kudwalira tsiku limodzi. Ntchito ya Kamphepo m'mawa inali kukhala pakazenera kolandirira anthu, kuthandiza omwe timabuku tawo tang'ambika kapena manambala afufutika. Anagwira ntchitoyo osakweza maso.

Cha m'ma 10 koloko panafika mayi wina wa tepi yoyezera zovala m'khosi, atagwira dzanja la mwana wazaka ngati zisanu ndi chimodzi. Mwanayo ankatsokomola, dzanja lina atatseka khutu. Kabuku kake kanali katanyowapo, nambala ikuoneka mwa apo ndi apo, ndipo pachikuto mwini wake anali atajambulapo galimoto ya matayala asanu.

Mayiwo anali olankhula. Kamphepo akuyesa manambala pakompyuta, iwo anali atamuuza kale zonse osafunsidwa. Mwanayo sanali wawo, anali wa mchimwene wawo, iwo ndi azakhali chabe. Amake anali kuchipatala chachikulu kudikira kubereka, abambo ake ali pamsewu ndi lole. Iwo anali atasiya makina awo osokera pakhonde la sitolo ya utoto kumsika wa kumtunda, ndipo eni mayunifomu anali atayamba kale kuwaimbira. Anapempha kuti awathandize msanga.

Nambala inapezeka. Kamphepo anatsegula fayilo kuti atsimikize dzina, dzina linali lomwelo. Mzere wofiira sunaoneke, koma iye yekha pachipatala chonse ndiye ankadziwa kuti lero suonekera munthu aliyense. Fayiloyo inali ya masamba 26. Chala chake chinali pamausi, akanatha kutsika n'kuwerenga mpaka pansi. Bambo wina kumbuyo anadandaula mokweza kuti anthu afera pamzere atsikana akucheza. Kamphepo anatseka fayilo, analembanso nambala pakabuku ndi cholembera, n'kuitana wotsatira.

Mwanayo polandira kabuku anati, "Zikomo, anti," khutu ali chigwirire.

Patapita kanthawi anawaona akutuluka m'chipinda cha a Nesi. Azakhaliwo anali atanyamula kabotolo ka mankhwala amadzimadzi m'kathumba kapepala. A Nesi anawaperekeza ndi mawu kuchokera m'kati, kuti mwanayo akadya masana akamumwetse supuni imodzi, asamumwetse ndi njala. Kamphepo anamva zonsezi. Anawerama n'kuyamba kusanja timabuku tomwe tinali tosanjika kale.

6. Kalata

Itakwana hafu pasiti 11 mzere unachepa, ndipo Kamphepo anabwerera kuchipinda cha kuseri. Anapeza Mayi a Mafayilo atakhala mumdima, fani atazimitsa, akusisita bondo. Anamuuza atseke chitseko. Kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa envelopu yoyera.

"Iyi ndi kalata yako. Ndasayiniratu dzulo, mwana wanga ndiye wandilembera, poti maso angawa sindikudziwa kuti Lachisanu adzakhala ali pati. Ndikuuze zomwe ndalembamo, usadzadabwe. Ndalemba kuti ndiwe wachangu, zimenezo aliyense akudziwa. Koma ndalembanso kuti ndiwe wokhulupirika, ndipo mawu amenewa sindimangowamwaza. Ana asanu ndi atatu adutsa m'chipinda chino, awiri okha ndi omwe ndinawalembera choncho. Ntchito yathuyi, mwanawe, ilibe woombera m'manja. Ukaigwira bwino palibe amadziwa, anthu amangopita kwawo ali moyo. Wokuyang'anira palibe, ndiwe wekha ndi mafayilo. Lachisanu ndinakusiya wekha ndi anthu 63, ndipo wandibwezera onse. Landira."

Kamphepo sanalandire. Manja ake anali kumbuyo, ndipo envelopu inakhala m'malere mpaka dzanja la Mayi linayamba kutopa.

"Amayi, ndinatenga fulashi."

Zotsalazo zinatuluka zokha, mosakanikirana, misozi ili chuchuchu. Ananena za magetsi, za minibasi, za kusayina osayang'ana, za a Mawaya omwe anafufuta katatu. Ananenanso kuti foda yofiira anaipeza yopanda kanthu 7 koloko m'mawa, ndipo wakhala chete mpaka tsopano.

Mayi sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anavula magalasi akuda, anapukuta maso ofiira ndi kansalu, anawavalanso. Anaoneka okalamba kuposa mmene analowera m'mawa.

"Fulashi ndikanakukhululukira lero lomwe. Inenso ndinasesapo timapepala. Koma maola anayi ndi theka, mwanawe. A Nesi akhala akupereka mankhwala kuyambira 8 koloko akukhulupirira galasi lomwe iwe ukudziwa kuti likunama. Madzi akatayika saoleka, tiyeni tione omwe sanatayike. Ndigwire dzanja, tipite kwa a Nesi."

Anabweza envelopu m'chikwama n'kutseka zipi.

7. Mayina asanu ndi awiri

A Nesi anali mayi wamtali wosakonda mawu ambiri. Atamva nkhaniyo anatulutsa wodwala yemwe anali naye, anatseka chitseko, n'kuuza wa kuchipinda cha mankhwala kuti asaperekenso chilichonse cha banja la penisilini mpaka iwo atanena. A Nesi sanamuyang'ane Kamphepo ngakhale kamodzi, ndipo zimenezi zinamupweteka mtsikanayo kuposa mbama.

A Nesi anafunsa ngati palibe pena pomwe zomata zinasungidwa. Mayi anati zilipo m'disiki yomwe imatsekeredwa kuofesi yaikulu, koma kuti ifike kuno pafunika makalata, anthu awiri osayina, ndi galimoto, ndiye masiku awiri. A Nesi anati masiku awiri alibe. Anatsegula buku lawo la tsikulo n'kuyendetsa chala. Omwe analandira mankhwala a mtundu umenewo m'mawawo analipo asanu ndi awiri.

"Werengani mayina," anatero Mayi. "Makumi asanu ndi limodzi ndi atatu onse sindingawakumbuke, koma ambiri ndinawamata ndi dzanja langa."

A Nesi anawerenga loyamba, Mayi anapukusa mutu. Lachiwiri, anati ameneyo wabayidwa kambirimbiri, alibe vuto. Lachitatu ndi lachinayi sanawadziwe, ndipo Kamphepo anauzidwa atsegule mafayilo awo awerenge mpaka pansi. Anawerenga mzere ndi mzere, mwina koyamba chibadwire, ndipo munalibe choopsa. A Nesi atawerenga dzina lachisanu, Mayi anakweza dzanja.

"Bwerezani."

A Nesi anabwereza. Kamphepo analizindikira, poti ndi iye yemwe analitsimikiza pakazenera 10 koloko. Anatsegula fayilo ya masamba 26 ija n'kutsika nayo. Patsamba 19 panali mawu omwe a Nesi analemba zaka ziwiri zapitazo: mwana anatupa nkhope ndi lilime atamwa mankhwalawo, anabanika, anathamangira naye kuchipatala chachikulu, asadzapatsidwenso.

A Nesi anati anawafunsa azakhaliwo ngati mwanayo amadana ndi mankhwala ena, iwo anati sakudziwa, amake ndiwo angadziwe. Ndiye anayang'ana pagalasi, panali poyera, n'kulemba mankhwalawo.

Anafuna nambala ya foni, koma nambala inali m'chomata. Anafuna dera lomwe banjalo limakhala, nalonso linali m'chomata. Galimoto ya chipatala inali itapita ndi mayi wina woyembekezera, ndipo sikanabwera msanga. Wotchi ya pakhoma inkati kwatsala mphindi khumi kuti 12 koloko ikwane.

"Azakhali ake amasoka pakhonde la sitolo ya utoto," anatero Kamphepo. "Kumsika wa kumtunda. Ali ndi tepi m'khosi. Nkhope yawo ndikuidziwa."

A Nesi anati kumsika wa kumtunda sitolo za utoto zilipo zoposa imodzi, ndipo palibe akudziwa ngati azakhaliwo apita ndi mwanayo kuntchito kapena akamusiya kaye kunyumba. Koma akulankhula choncho anali atalemba kale kapepala kouza azakhaliwo kuti asamumwetse mwanayo mankhwalawo. Anamupatsa Kamphepo n'kumuuza kuti akapeza mwanayo asanamwe, akalande botololo. Akapeza atamwa, asakadikire kuona ngati atupe, akamunyamule n'kuimitsa galimoto iliyonse kuti athamangire naye kuchipatala.

Kamphepo anayang'ana Mayi a Mafayilo. Anafuna kunena kenakake, kupepesa mwina, koma Mayi anali atatembenukira kuzenera, komwe kunkaoneka benchi lija la pakhonde. Analankhula osamuyang'ana.

"Za kalata tidzakamba ukabwera, ndipo zidzatengera zomwe ubwere nazo. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuuza ana kuti muno sitithamanga. Lero lokha, mwanawe, thamanga."

Juzi yake inatsala kumsomali. Pageti mlonda anatsegula pakamwa kuti amuseke monga mwa masiku onse, koma ataona nkhope yake anangokankha geti n'kupatuka. Kamphepo anatulukira pamsewu kapepala kali m'dzanja, anayang'ana kumtunda, minibasi panalibe ngakhale imodzi. Kusukulu ya pafupi belu linayamba kulira, lotulutsa ana kuti akadye.